Tsiku limene ma seveni anagundana

Anzanga, rege ikamalira kometera tsitsi pa msika ambiri mumangoti ndi nyimbo za anthu achamba basi. Tamverani kaye nkhani ya chimbale cha gulu la Culture la ku Jamaica, chotchedwa Two Sevens Clash, chomwe chinatuluka mu 1977.

Gululi linali la anthu atatu, Joseph Hill amene ankatsogolera, Albert Walker ndi Kenneth Dayes, ndipo anajambula kwa Joe Gibbs mumzinda wa Kingston. Dzina la chimbalechi likunena za kugundana kwa ma seveni. Ma Rasta ankati Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda amene anamwalira mu 1940, analosera kuti ma seveni akadzakumana kudzagwa chipwirikiti. Ndiye talembani tsiku la 7 July 1977 mu manambala muone: 7/7/77.

Musaseke ayi. Chaka cha 1976 ku Jamaica kunali chisankho cha magazi, anyamata a zipani akuwomberana m'misewu, mpaka Bob Marley weniweniyo anamuwombera kunyumba kwake mu December. Anthu anali ndi mantha kale, nyimboyi inangowonjezera. Tsikulo litafika ambiri ku Kingston anadzitsekera m'nyumba, masitolo ena osatsegula n'komwe. Dzuwa linalowa bwinobwino, dziko silinathe.

Koma kwa ine nyimbo yogwira mtima ndi Black Starliner Must Come. Ma Rasta amalemekeza Haile Selassie, amene anavekedwa ufumu wa Ethiopia mu 1930, ngati Jah, kutanthauza Mulungu. Dziko limene makolo awo anapititsidwako pa ukapolo amalitcha Babulo, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Africa, komwe amati Ziyoni. Garvey uja anayambitsa kampani ya sitima zapamadzi, Black Star Line, mu 1919, koma inagwa mu 1922. Patatha zaka 55, Joseph Hill n'kumaimbabe kuti sitimayo ibwera kudzawatenga. Sitima yoti kulibe, eti! Ameneyo sankaimbira anthu kuti angovina, ankalalikira. Chodabwitsa n'choti Africa amene iwo ankamulirayo ndi kuno tikukhala ifeku, ndipo Selassie yemweyo anafika ku Malawi mu 1965. Malo amene anakaima pa phiri la Zomba mpaka lero amatchedwa Emperor's View.

Joseph Hill anamwalirira ku Berlin mu 2006 ali pa ulendo wa zoimba, ndipo mwana wake Kenyatta ndi amene anatenga maikolofoni n'kupitiriza ulendowo.