Chifukwa chiyani ophunzira udokotala amatumizidwa kumidzi?

Mabanja ambiri ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri amamudziwa mlendo wotere: m'bale wakumudzi amene wafika ndi kalata yomutumiza ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amangochitcha Gulupu. Amagona pabalaza, amalawirira pamzere, ndipo mwina sabata zimatha asanabwerere kwawo. Ena mwa odwalawa akadathandizidwa m'boma lawo lomwelo kukadakhala madokotala okwanira.

Mzinda wa Blantyre ulibe chipatala chachikulu cha boma ngati mmene zilili ku Thyolo kapena ku Chiradzulu. Choncho wodwala amene zamukanika pachipatala chaching'ono cha Zingwangwa kapena Chilomoni amakakumana pamzere umodzi ndi wochokera ku Nsanje. Apa mpamene maphunziro a madokotala kumidzi amakhudzira munthu wam'tauni.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, 84 amakhala kumidzi. Koma sukulu ya madokotala ya College of Medicine, imene idatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira mu 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ili mumzinda, pafupi ndi Gulupu. Wophunzira amene sadatulukepo m'chipatalachi amazolowera kukhala ndi akatswiri pafupi, makina ounikira m'thupi komanso malo opimira magazi. Akadzatumizidwa ku chipatala chakumudzi, zambiri mwa izi sakazipeza.

N'chifukwa chake sukuluyi ili ndi nthambi ku Mangochi. Kumeneko ophunzira amayendera midzi, amaona kumene anthu amatunga madzi ndi mtunda umene mayi woyembekezera amayenda kuti akafike kuchipatala. Amakumana ndi malungo, likodzo ndi kunyentchera kwa ana. Akafika m'chaka chachinayi amakakhala sabata zingapo m'zipatala za m'maboma, kumene dokotala mmodzi amaona ana, amabereketsa amayi, n'kuthandizanso ovulala pangozi tsiku lomwelo. Mu 2015 sukuluyi idayambanso kuphunzitsa madokotala a ukatswiri wosamalira banja lonse, ndipo maphunziro awo amachitikira m'zipatala zoterezi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza maiko mu 2010 kuti azitumiza ophunzira kumidzi, poona kuti wophunzira amene adalawako moyo wakumeneko savuta kuvomera kukagwirako ntchito.

Komatu ntchitoyi imalira ndalama. Pamafunika galimoto ndi mafuta, nyumba zogona ophunzira, chakudya, komanso dokotala wamkulu wowayang'anira, pakuti wophunzira saloledwa kugwira wodwala payekha. Mbali ina ya katunduyu akhala akusenza ndi mabungwe akunja. Ku Neno, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira mu 2007 ndipo lathandiza kulandira ophunzira. Mu 2013, mabungwe a Peace Corps ndi Seed Global Health adayamba kutumiza madokotala ndi anamwino a ku America kudzaphunzitsa kuno, ndi ndalama za PEPFAR. Mgwirizanowu udatha mu 2018, ngakhale kuti Seed Global Health idapitiriza ntchito yake.

Kutha kwa mgwirizano umenewu kukuonetsa kufooka kwa dongosolo lodalira thandizo lakunja. Thandizo limabwera ndi nthawi yake, ndipo woganiza zolipitiriza kapena kulidula amakhala ku Washington kapena ku London. Zimenezi zidaonekeranso mu January 2025 pamene pulezidenti Donald Trump adaimitsa thandizo la dziko la America kumaiko ena, ntchito zambiri zaumoyo m'dziko muno n'kugwedezeka. Ndalama zikachepa, mankhwala ndi malipiro ndizo zimayamba kuganiziridwa, ndipo ulendo wa ophunzira wopita kumudzi n'ngosavuta kuufupikitsa chifukwa kuipa kwake sikuoneka msanga. Kumadzaoneka patapita zaka, pamene madokotala atsopano akukana kuchoka m'tauni.

Palinso malire a zimene maphunzirowa angakwanitse. Wophunzira angakonde Neno kapena Mangochi, koma akamaliza sukulu amafuna nyumba yabwino, magetsi, sukulu ya ana ake ndi zipangizo zogwirira ntchito. Zimenezi ndi udindo wa boma.

Mu 2001, maiko a mu Africa adalonjezana ku Abuja kuti aziika K15 pa K100 iliyonse ya bajeti yawo ku zaumoyo, koma dziko lino lakhala likuperewera pa mlingowu. Aphungu akamakambirana bajeti, ndi bwino kufunsa kuti ndalama zophunzitsira madokotala kumidzi zichokera m'thumba la yani. Yankho lake lili ndi gawo pa kutalika kwa mzere umene wodwala wa ku Ndirande adzaupeze pa Gulupu zaka khumi zikubwerazi.