Mayi amene amadya nkhoko tsiku la Khirisimasi

Kuwerenga: Luka 2:1-7, 22-24, Mateyu 2:13-15



Kuno kwathu ku Mulanje Khirisimasi imatipeza manja ali odzaza. Mvula ikagwa tiyi amaphuka mwamphamvu, ndipo m'maesiteti a ku Lujeri, Limbuli ndi kwina konse ino ndiyo nyengo imene ntchito yotchola masamba imachuluka koposa. Kumunda nako chimanga chikudikira kupalira ndi feteleza, pomwe chakudya cha chaka chatha m'nyumba zambiri chatsala pang'ono kapena chatheratu. Kutsogoloku kuli Januwale ndi fizi ya ana. Pakati pa zonsezi pali munthu mmodzi amene banja lonse limayang'ana kwa iye kuti tsiku la 25 Disembala pakhale mpunga, nkhuku ndi chovala chatsopano cha mwana. Munthu ameneyo ndi mayi.

Ine ndinakulira m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Ndimakumbukira kuti tsiku la Khirisimasi malemu mayi anga ankadzuka tambala woyamba asanalire. Ankatunga madzi, kuwafunditsa, kutisambitsa, kutidzoza mafuta ndi kutiperekeza mpaka pamsewu kuti tipite kutchalitchi ndi bambo. Iwo ankabwerera kukhitchini kukalimbana ndi nkhuni zonyowa ndi mvula. Tikabwerako tinkapeza zonse zapsa. Nthutumba inali ya bambo, ntchafu zinali za alendo, ife ana tinkagawana zotsalazo. Tsiku lina ndinalowa kukhitchini kukatenga madzi akumwa ndipo ndinawapeza atakhala pansi, akukokota nkhoko za mpunga mumphika, ndiwo yake khosi la nkhuku. Nditawafunsa anandiyankha kuti iwo amakonda nkhoko. Ndinawakhulupirira kwa zaka zambiri.

Ndinali nditayamba kale ubusa pamene ndinazindikira chinthu china chimene chimandipwetekabe mtima. Mayi anga, amene anandiphunzitsa Pemphero la Ambuye ndi Malamulo Khumi, amene sankajomba ku Mvano, kwa zaka zonse za ubwana wanga sanamvepo ulaliki wa tsiku la Khirisimasi. Ife tinkapita kukamva za Mwana wobadwa ku Betelehemu, iwo ali pa utsi.

Funso langa lero ndi ili: kodi m'nyumba mwanu mayi amadya chiyani pa Khirisimasi, ndipo amamva chiyani?

Mariya sanali mayi wa pachithunzi

Zithunzi za pa makalendala zimationetsa Mariya atavala nsalu yoyera bwino, nkhope yopanda thukuta. Uthenga Wabwino ukutionetsa mayi wina. Luka akutiuza kuti lamulo la kalembera la Kaisara Augusto linawanyamula iye ndi Yosefe kuchokera ku Nazarete kupita ku Betelehemu, mtunda wa makilomita oposa 100. Umenewu ndi mtunda woposa wochokera pa boma la Mulanje kukafika ku Blantyre. Anayenda ulendowu ali woyembekezera, masiku atayandikira. Bulu amene timamuona m'masewero a ana a Sande Sukulu, Luka sanamutchule n'komwe. Atafika anasowa malo, ndipo mwana wake woyamba anamugoneka modyera ziweto.

Amayi a ku Mulanje amene anayendapo pansi kapena kunyamulidwa panjinga usiku, mvula ikugwa, mitsinje monga Ruo, Lichenya ndi Likhubula itadzaza, kuthamangira ku chipatala cha Mulanje Mission kapena cha boma, nkhaniyi amaimva bwino kuposa ife abusa amene tinaiphunzira m'kalasi.

Pali vesi lina limene ambiri timalidumpha. Pa Luka 2:24 tikumva kuti popita ndi mwana ku Kachisi, Mariya ndi Yosefe anapereka nsembe ya mbalame ziwiri. Tikabwerera ku Levitiko 12 tikupeza kuti nsembe imene lamulo linkafuna kwa mayi wobereka inali mwana wa nkhosa pamodzi ndi mbalame imodzi. Mbalame ziwiri zinali chilolezo cha mayi amene sangakwanitse nkhosa. Choncho mayi wa Mpulumutsi wa dziko lonse anaima pamzere wa osauka. Sanakongole nkhosa kuti anthu a ku Yerusalemu amuone ngati wopeza bwino. Anabwera ndi chimene anali nacho, ndipo tsiku lomwelo Simeoni ndi Anna anazindikira Mesiya m'manja mwake.

Chikomekome cha mkuyu

Apa ndilankhule ndi inu amayi. Ndikudziwa kuti mtima wa mayi sufuna kuti mwana wake aime pakhomo kuyang'anira anzake akudya. Koma zinthu zakwera mtengo, makamaka chichokereni pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chaka ndi chaka timaona amayi amene agawana ndalama za banki m'khonde mu Disembala, ndalama zimene anasonkha chaka chonse pogulitsa nanazi, nthochi ndi zitumbuwa, zikutha pa msika wa Chitakale kapena Limbuli m'masiku awiri. Ena amapita kwa a katapila. Januwale akafika mwana wa diresi yatsopano uja akhala pakhomo chifukwa fizi palibe, munda uli wachikasu chifukwa feteleza sanagulidwe, ndipo mwini katapila wabwera kudzanyamula mbuzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayi wina wa mumpingo umene ndinatumikirapo, wamasiye wotchola tiyi, anabwera kunyumba ya abusa mu Febuluwale wina akulira. Anali atakongola ndalama kuti ana ake atatu adye nyama ndi kuvala zatsopano ngati ana a anzake. Ngongole ija inabereka mpaka anagulitsa malata amene ankasunga kuti adzafolere nyumba. Anandiuza kuti, "Abusa, ndinkaopa kuti ana anga anganene kuti Khirisimasi inafa pamodzi ndi bambo awo." Sindinamudzudzule, pakuti chimene chinamukongoletsa chinali chikondi. Koma ndinadzifunsa kuti ife a mpingo tinali kuti pamene mayiyu ankasenza mantha amenewa yekha.

Sindikunena kuti kudya bwino pa Khirisimasi ndi tchimo. Ngati Mulungu wakudalitsani, iphani nkhuku, ana asangalale, ndipo muitane woyandikana naye. Koma ngati chaka chino muli ndi mbalame ziwiri zokha, musachite manyazi. Nsima ya nandolo kapena chigwada yodyedwa mwamtendere m'nyumba yopanda ngongole, Mulungu amailandira monga analandirira nsembe ya Mariya. Khalani pansi ndi ana anu, muwauze zoona za mmene chuma cha pakhomo chilili. Ana amamvetsa kuposa mmene timaganizira, ndipo phunziro limeneli lidzawathandiza nthawi yaitali kuposa nsapato.

Yosefe, bambo wochita

Tsopano nditembenukire kwa ife abambo. M'mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino mulibe mawu ngakhale amodzi olembedwa otuluka pakamwa pa Yosefe. Timangomuona akuchita. Anamutenga Mariya pamene akanatha kumusiya. Anayenda naye ku Betelehemu. Pamene Herode anafuna kupha mwanayo, Mateyu akuti Yosefe anadzuka usiku womwewo, natenga mwana ndi mayi ake kuthawira ku Aigupto.

Anthu a ku Mulanje tikudziwa tanthauzo la kuthawa. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, tinaona amayi akuwoloka malire ku Muloza kuchokera ku Milange, mwana kumbuyo, kamtolo pamutu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa madzi, miyala ndi matope kuchokera m'phiri, natenga miyoyo ya anthu mazanamazana m'chigawo chino cha kummwera. Pali mabanja kuno ndi ku Phalombe amene pa Khirisimasi iliyonse amaona malo opanda munthu pamphasa. Mwana wa ku Betelehemu nayenso anakhalapo wothawa kwawo, ndipo pa ulendowo mayi ake sanali yekha.

Kuno ambiri tili pa chikamwini, ndipo ndamvapo abambo ena akunena kuti ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mwambo wathu ndimaulemekeza, ndipo amalume ali ndi udindo wawo. Koma mwambowu usasanduke pobisalira. Yosefe analera ndi kuteteza mwana amene ankadziwa bwino lomwe kuti sanabereke ndi iye. Nanga iwe amene mwanayo ndi magazi ako, udzayankha chiyani pamaso pa Mulungu?

Tiyeni tinene mosabisa. M'makomo ambiri chimene chimaononga Khirisimasi si umphawi ayi, koma mowa. Bambo alandira malipiro a Disembala, atuluka pa 24, abwera pa 26 m'thumba mulibe kanthu, pakamwa pali zotukwana, mwinanso dzanja lili lokonzeka kumenya. Ana a m'nyumba yotere akamva kuti Khirisimasi yayandikira, mtima umagunda ndi mantha. Bambo wotere angaimbe nyimbo zonse za kubadwa kwa Yesu, koma m'nyumba mwake wachita ntchito ya Herode. Ndipo inu amayi amene mukumenyedwa, kupirira nkhanza si chizindikiro cha chikhulupiriro. Uzani ankhoswe, uzani akulu a mpingo, ndipo ngati moyo uli pachiswe pitani kupolisi.

Kwa inu amene muli ku Johannesburg, Cape Town, Lilongwe kapena Blantyre pofuna ntchito, ndipo simutha kubwera, tumizani chimene mungathe nthawi ikadalipo. Imbani foni, mulankhule ndi mkazi wanu ndi mwana aliyense payekha, mupemphere nawo pafoni pomwepo. Ndipo musaiwale gogo uja amene mwamusiyira adzukulu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mayi nayenso ali ndi mzimu

Kawiri konse m'chaputala chachiwiri, pa vesi 19 ndi 51, Luka akutiuza kuti Mariya ankasunga zochitikazo mumtima, ndipo pa vesi 19 akuonjeza kuti ankazilingalira. Kulingalira kumafuna mpata. Mayi amene waima pamoto kuyambira mbandakucha mpaka usiku alibe mpata umenewo. Timayamikira Loisi ndi Yunike, agogo ndi mayi a Timoteo, chifukwa cha chikhulupiriro chimene anapatsira mwana wawo. Zoonadi, ambiri a ife Mulungu tinamudziwira pamiyendo ya amayi. Koma chitsime chimene onse akutungapo, chikapanda kulandira madzi chimaphwa.

Onaninso kuti Mariya atalandira uthenga wa mngelo anapita kudera la mapiri la Yudeya kwa Elizabeti, ndipo anakhala naye pafupifupi miyezi itatu. Mayi wachitsikana anafuna mayi wachikulire woti amutsegulire mtima. Imeneyi ndiyo ntchito ya amayi a Mvano ndi mabungwe a amayi m'mipingo ina yonse. Yunifolomu yoyera ija isathere pa maliro ndi pa zikondwerero zokha. M'mudzi mwanu muli mtsikana amene watenga mimba ndipo aliyense akumuloza chala. Muli mayi amene wakhala zaka pabanja wopanda mwana, ndipo nyengo ino yolankhula za khanda imamulasa mtima. Muli mayi amene waika mwana m'manda chaka chino. Simeoni anamuuziratu Mariya kuti umayi wake udzakhala ndi lupanga lake. Pitani kwa amayi otere sabata ino, ndi kambale ka ufa kapena chimanjamanja, mukakhale nawo pansi.

Tichite chiyani chaka chino?

Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha banja lililonse lowerenga tsamba lino kuti lichite zinthu zochepa izi. Lisanafike tsikulo, bambo ndi mayi akhale pansi, apatule kaye ndalama ya fizi ndi ya feteleza, ndipo Khirisimasi idyedwe ndi zotsalazo. Madzulo a pa 24 anyamata atunge madzi, awaze nkhuni, bambo aphe nkhuku ndi kuikonza, kuti m'mawa banja lonse, mayi ali patsogolo, lipite kunyumba ya Mulungu. Chakudya chikachedwa ndi maola awiri palibe amene adzafe. Pa nthawi ya kudya, mayi akhale pansi pamodzi ndi onse, ndipo mbale yake iyambe kuikidwa ndiwo. Pomaliza mutsegule Luka 2, mwana mmodzi awerenge, ndipo aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akuthokozera Mulungu chifukwa cha mayi wa m'nyumbamo, iye akumva.

Ine mwayi umenewu unandidutsa. Pamene ndinazindikira kuti mayi anga sankakonda nkhoko, koma ankakonda ife, anali atatsala ndi zaka zochepa, mano oti n'kudyera nyama atatha. Inu amene mayi anu akali moyo, kapena amene mukukhala ndi mayi wa ana anu, mwayi ukadali m'manja mwanu.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene munapereka Mwana wanu m'manja mwa mayi wosauka wa ku Nazarete, tikuika m'manja mwanu amayi onse a dziko lino: otchola tiyi pamvula, olima, ogulitsa pamsika, amasiye, agogo olera adzukulu, oyembekezera ndi olira. Apatseni mphamvu ndi mpumulo. Tikhululukireni ife abambo ndi ana pamene tadya osafunsa kuti wophika wadya chiyani. Tiphunzitseni kukhutira ndi zimene mwatipatsa, ndipo Yesu apeze malo m'nyumba zathu. M'dzina lake tapemphera. Amen.

Ndikufunirani nonse Khirisimasi yamtendere ndi chaka chatsopano chodala.