Kodi mumadziwa? Charlie Douglas wa ku Westland

Charlie Douglas, yemwe anabadwira ku Edinburgh mu 1840, anatha zaka pafupifupi 40 akuyenda m'nkhalango za Westland ku New Zealand. Ankasaka golide koma sanalemere naye. Chaphindu chomwe anasiya ndi mapu. Ankatsata mitsinje mpaka kumene yayambira, katundu ali kumsana, galu ali pambuyo, usiku n'kugona pansi pa kachinsalu mvula ikukhuthuka. Ena anganene kuti sanatulukire kanthu, poti Amaori ankadutsa kale m'derali pofuna mwala wa pounamu. N'zoonadi, ndipo ulemu umenewo ndi wawo. Komabe zigwa zambiri zakumtunda zinayamba kuoneka papepala chifukwa iye anaziyeza n'kuzijambula. N'chifukwa chake mu 1897 bungwe la Royal Geographical Society linamupatsa mphoto.