Kuyeza Khalidwe la Mwana

Makolo anzathu, kawirikawiri timati, "Mwanayu ngwovuta," koma osadziwa ngati akusintha kapena ai. M'caka ca 1968, akatswiri Baer, Wolf ndi Risley a pa yunivesite ya Kansas ku America anatsimikiza kuti khalidwe lofunika kulisintha liyenera kuyezedwa. Ina mwa miyeso yake nayi: mwana wamenya mnzace kangati? Kulira kwace kwatenga mphindi zingati? Papita nthawi yotani cimuitanireni kufikira atanyamuka?

Tiyambe kulemba zimenezi tisanayese njira yomuwongolera, kuti pambuyo pace tiyerekeze. Anthu awiri aziona payekha-payekha, nafananitse zolemba zao. Popanda miyeso, tingalange mwana amene wayamba kale kuwongokera, kapena kutaya njira imene inali kumuthandiza.