Kodi ntchito ya wasayansi woteteza mbewu tingaiyeze ndi sikelo iti?

Sabata yatha, tikuphunzira za miyeso mu Fomu 3, mtsikana wina amene mayi ake amathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo anakweza mkono n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, dengu la amayi amaliika pa sikelo n'kulemba makilogalamu. Nanga anthu amene amachita kafukufuku wa tiyiyo, ntchito yawo amaiyeza bwanji?" Anzake anaseka. Ine ndinakhala kaye chete chifukwa funsoli ndi la fizikisi ndithu. Chinthu usanachiyeze uyenera kudziwa chimene ukuyeza, chipangizo choyezera, komanso pamene chipangizocho chingakunamize.

Tiyambe ndi munthu amene tikufuna kumuyezayo. Pali asayansi amene amaphunzira majini a zomera, malangizo aja olembedwa mu DNA amene amachititsa kuti chitsamba china chipirire chilala pamene chinzake chikufota. Ena mwa iwo ntchito yawo ndi kuteteza kusiyanasiyana kwa majiniwo kuti kusatheretu.

Mukamadutsa pa Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, kapena ku Makwasa, minda yonse imaoneka ngati bulangete limodzi lobiriwira. Mukayandikira mudzaona kuti pali tiyi wa mitundu iwiri. Wakale anadzalidwa kuchokera ku nthanga, ndipo chitsamba chilichonse chili ndi majini akeake, monga ana a mimba imodzi amene amasiyana nkhope. Watsopano amachokera ku timitengo todula pa chitsamba chimodzi chosankhidwa bwino, n'kumeretsedwa ku nazale. Zitsamba zotere zimatchedwa ma clone, ndipo munda wonse, ngakhale utakula bwanji, m'majini ndi chitsamba chimodzi basi.

Ma clone ambiri amene timaona kuno anachokera ku Tea Research Foundation of Central Africa, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo lili ku Mimosa, ku Mulanje. Akatswiri monga Dr Rex Ellis ndi Dr Hastings Nyirenda anatha zaka zambiri kumeneko akusankha ndi kukwatitsa tiyi. Mitundu monga SFS 150, SFS 204 ndi PC 108 ndi zipatso za ntchito imeneyo. Ubwino wake ndi woonekeratu, masamba amachuluka ndipo tiyi amakoma mofanana. Kuopsa kwake inu a ku Thyolo mukukudziwa kale. Funsani agogo anu za nthochi za ku Thekerani ndi ku Molere. Nthochi zimachulukitsidwa ndi ana ake omera patsinde, ndiye nazonso ndi ma clone. Matenda a chisaka atafika, minda yambiri inatheratu chifukwa nthochi iliyonse inali ndi kufooka kofanana ndi inzake. N'chifukwa chake payenera kukhala munthu wosunga mitundu yakale ndi yosiyanasiyana, kuti tsiku la tsoka pakhale potolera majini opirira.

Tsono ntchito ya munthu ameneyu tiiyeza bwanji? Njira yoyamba ndi kuwerenga mmene asayansi ena amamutchulira. Wasayansi akamaliza kafukufuku amalemba pepala n'kulisindikiza m'magazini ya sayansi. Wina akagwiritsa ntchito zimene wapezazo, amatchula pepalalo kumapeto kwa lake. Eugene Garfield wa ku America ndi amene anayamba kusonkhanitsa kutchulana kumeneku mwadongosolo, mu Science Citation Index ya 1964. Kenako mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa pa University of California ku San Diego, anabwera ndi nambala imodzi yotchedwa h-index. Inde, anali wa fizikisi mnzathu, ndipo zimenezi ndimazinyadira pang'ono.

Kawerengedwe kake mungakachite pa kope lanu. Ndandalikani mapepala a munthuyo kuyambira lotchulidwa kwambiri kutsika m'munsi. Tiyerekeze kuti wofufuza A ali ndi mapepala 8 otchulidwa motere: 40, 18, 9, 6, 5, 2, 1, 0. Pepala lachisanu latchulidwa ka 5, koma lachisanu ndi chimodzi latchulidwa ka 2 kokha, osafika 6. Ndiye h-index yake ndi 5, kutanthauza kuti ali ndi mapepala 5 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 5. Wofufuza B ali ndi mapepala 4: 300, 4, 3, 1. Yesani nokha. Mupeza 3. Mwaona? B watchulidwa ka 308 pamodzi, A ka 81 kokha, koma h-index ikuika A pamwamba. Anthu ndi omwewo, tangosintha sikelo, wopambana wasinthanso.

Mu labotale ndimakuuzani kuti chipangizo chilichonse chili ndi malire. Sikelo ya pa esiteti imayeza kulemera kwa masamba, siingakuuzeni ngati tiyiyo adzakoma. Kuwerenga kutchulidwa nakonso kuli ndi malire atatu amene ndikufuna muwagwire.

Choyamba ndi nthawi. Kuwala kochokera ku Alpha Centauri kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike m'maso mwathu, ndiye tikayang'ana timaona nyenyeziyo mmene inalili kale. Kafukufuku naye amachedwa kuoneka. Gregor Mendel anasindikiza zotsatira za nsawawa zake mu 1866, ndipo anthu ochepa kwambiri ndi amene anazilabadira mpaka 1900, iye atamwalira kale. Mukanamuyeza ndi h-index ali moyo mukanati ndi wolephera, pamene lero mumamuphunzira mu Biology. Tiyi ndiye amachedwa koposa: kuchokera pa kukwatitsa maluwa kufika pa mtundu woti alimi adzale pamadutsa zaka zoposa 10.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu m'gawo lako. Ofufuza za khansa padziko lonse ndi ambirimbiri, ndipo amatchulana tsiku ndi tsiku. Ofufuza majini a tiyi wa kum'mwera kwa Africa ndi ochepa zedi. Pepala labwino kwambiri la tiyi likhoza kutchulidwa kochepa kusiyana ndi pepala wamba la zachipatala. Kuyerekeza awiriwa ndi nambala imodzi kuli ngati kufunsa kuti chachikulu n'chiti, mamita 5 kapena masekondi 10.

Chachitatu, amene amapindula kwambiri salemba mapepala. Mlimi wamng'ono wa tiyi amene munda wake wapirira mwezi wa Okutobala satchula munthu aliyense m'magazini ya sayansi. Mayi a mtsikana uja akathyola masamba ambiri pa chitsamba chabwino, Google Scholar siidziwa kanthu. Mu 2012 asayansi ndi akonzi a magazini atakumana ku San Francisco anagwirizana mfundo zotchedwa DORA, zochenjeza kuti munthu asamayezedwe ndi kutchuka kwa magazini imene wasindikizamo.

Ndiye tichite chiyani? Tichite zimene timachita mu practical, kuyeza ndi zipangizo zingapo n'kuona ngati zikugwirizana. Kuwonjezera pa mapepala, funsani kuti mitundu imene anatulutsa yadzalidwa mahekitala angati komanso yafika kuti. SFS 150 inatuluka m'Malawi muno n'kukadzalidwa mpaka ku Tanzania ndi ku Kenya chifukwa chopirira chilala. Funsani kuti wasunga mitundu ingati, kaya m'munda wosungira tiyi kapena m'nkhokwe ya mbewu ngati ya ku Chitedze ku Lilongwe, komanso ngati ikadali yamoyo. Funsaninso kuti waphunzitsa achinyamata angati amene adzapitirize iye akadzapuma.

Pali muyeso wina wovuta kuposa yonseyi, wa chinthu chimene sichinachitike. Taganizani za mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera pa phiri lokhalo. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, a Forestry Research Institute of Malawi a ku Zomba ndi a Botanic Gardens Conservation International akhala akumeretsa mbande pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phirilo. Apa funso la wamajini ndi lakuti mbandezo zachokera ku makolo angati. Mbande zikwizikwi zochokera ku mitengo iwiri kapena itatu zikhoza kuoneka zambiri ukamawerenga, koma m'majini ndi banja limodzi losauka, ngati nthochi zija. Wasayansi amene waonetsetsa kuti nthanga zatoledwa ku makolo ambiri akhoza kupulumutsa mtundu wonse zaka 50 zikubwerazi, ndipo akapambana palibe chimene chidzamveke pa wailesi, chifukwa mtengowo udzangokhalapo.

Zimenezi zikukukhudzani chifukwa ndalama za kafukufuku, kukwezedwa pa ntchito ndi mwayi wa maphunziro apamwamba nthawi zambiri zimatsatira manambalawa. Sikelo ikakondera, wachinyamata waluso amasiya mkungudza ndi tiyi n'kuthamangira kumene kutchulidwa n'kochuluka. Ena mwa inu mudzakhala pa mipando yogawa ndalamazo.

Mtsikana uja ndinamuyankha tsiku lotsatira, ndipo ntchito imene ndinapatsa kalasi lake ndikukupatsaninso. Werengani h-index ya wofufuza amene mapepala ake atchulidwa motere: 25, 12, 7, 4, 4, 3, 1. Kenako funsani wachibale amene amagwira pa esiteti kapena ali ndi munda wa tiyi kuti ndi mtundu uti umene umakhalabe wobiriwira mvula ikachedwa, komanso ngati akudziwa kumene unachokera. Mubwere ndi mayankho onse awiri Lolemba.