Kusamba kwa Loweruka: mpumulo wosalira ndalama zambiri

Ku Chiwamba, monganso ku Nsaru, ku Kabudula ndi m'midzi ina ya m'boma la Lilongwe, makomo ambiri ali ndi bafa kuseri kwa nyumba. Ena amamanga la udzu, ena la mapesi kapena la njerwa, pansi n'kuyalapo miyala yopondapo. Ambirife timaliona ngati malo ongochotserako litsiro. Mayi amene walawirira m'mamawa kukatunga madzi ku mjigo, n'kuphika, n'kulima, n'kuikira ena madzi osamba, kawirikawiri ndiye amasamba pomaliza, mothamanga, ndi madzi otsala amene azizira kale.

Komatu bafa lomwelo likhoza kukhala malo opumulirako thupi ndi maganizo kamodzi pa sabata, popanda kupita kumalo odula a m'tauni. Zofunika zake ndi madzi, sopo, chinkhupule, mwala, mafuta odzola ndi theka la ola limene munthu wadzipatulira.

Chifukwa chake madzi ofunda amathandiza

Munthu akasamba madzi ofunda, mitsempha ya magazi ya pakhungu imatseguka ndipo magazi ambiri amapita m'manja ndi m'mapazi. Akatuluka m'bafa, kutentha kwa m'kati mwa thupi kumatulukira m'malo amenewa, thupi n'kuyamba kuzizira pang'onopang'ono. Kuzizira kotereku ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene thupi limatsatira kuti nthawi yogona yakwana.

M'chaka cha 2019, akatswiri a pa University of Texas ku Austin, m'dziko la America, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti kusamba madzi ofunda a madigiri 40 mpaka 42, ngakhale kwa mphindi 10 zokha, kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti munthu agone, kumathandiza kupeza tulo msanga. N'chifukwa chake nthawi yabwino ya kusamba kotere ndi Loweruka madzulo, ntchito zitatha. Kufunda kwa madzi kumamasulanso minofu imene yauma ndi khasu, njinga kapena kusenza ndowa.

Madzi ndi nkhuni

Mtengo weniweni wa kusamba kumudzi uli pa madzi ndi nkhuni. Chigubu chimodzi cha malita 20 n'chokwanira: malita ochepa m'beseni loviikamo mapazi, otsalawo m'ndowa yosambira. Madzi akhale a pa mjigo kapena pachitsime chotetezedwa. Kusamba m'madamu ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono kumaika munthu pachiopsezo cha likodzo, popeza tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu.

M'miyezi yotentha ya September, October ndi November, dzuwa lokha limagwira ntchito ya moto. Chigubu chakuda kapena ndowa yovundikira ikaikidwa padzuwa kuyambira m'mawa, pofika madzulo madzi amakhala atafunda. M'nyengo yozizira ya June ndi July, njira yosaononga nkhuni ndi kutereka madzi pamoto umene watsala mutaphika nsima. Mbaula yadothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, ndipo dothi lake limasunga kutentha kwa nthawi ndithu moto utazilala. Pamene mitengo ikutha m'midzi ndi m'nkhalango monga ya Dzalanyama, palibe chifukwa chosonkhera moto wapadera wa madzi osamba.

Posakaniza, yambani kuthira madzi ozizira m'ndowa, kenaka otentha, ndipo muyese ndi chigongono. Mphika wa madzi owira usasiyidwe pansi pamene ana akusewera, chifukwa ngozi zambiri za kupsa kwa ana zimachitikira pakhomo pomwepo.

Ndondomeko yake

Choyamba ndi kukonza malo. Sesani m'bafa, chotsani ndere pamiyala kuti musaterereke, ndipo ikani kampando kapena chitsa chokhalapo. Foni itsale m'nyumba, a pakhomo auzidwe kuti kwa kanthawi musaitanidwe.

Chachiwiri ndi mapazi, amene amasenza thupi sabata yonse koma amaiwalika. Aviikeni m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15. Amene afuna akhoza kuthiramo mchere wodzaza dzanja limodzi. Mchere wa kukhitchini ndi wokwanira. Khungu likafewa, khulani zidendene pamwala wosalala pang'ono monga ankachitira makolo, osati ndi lumo kapena mpeni.

Chachitatu ndi fungo labwino. Masamba ochepa a ndimu kapena a bulugamu, otsukidwa bwino ndi kuviikidwa m'madzi otentha, amapereka fungo lotsitsimula. Tidziwe kuti ntchito yake ndi yokometsa kusamba basi, sachiza matenda. Ngati khungu layamba kuyabwa, alekeni. Madzi ofinyidwa kuchokera ku ndimu asapakidwe pakhungu, popeza akakumana ndi dzuwa amatha kuwaula ndi kusiya zipsera zakuda.

Chachinayi ndi kusamba kwenikweniko. Sopo wamba wosambira ndi wokwanira. Sopo waufa wochapira zovala ndi waukali, amachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu n'kulisiya louma. Chinkhupule, chomera choyanga chimene chimamera bwino pampanda kapena pabafa pomwepo, chikauma n'kusendedwa chimakhula bwino koposa zogula m'sitolo. Khulani mofatsa kuyambira m'khosi, m'mapewa, kumsana mpaka ku miyendo, mukupuma mpweya mozama ndi mosathamanga. Mukatha, chitsukeni ndi kuchiyanika padzuwa.

Chomaliza ndi kudzola. Pukutani thupi mosakhula, makamaka pakati pa zala za kumapazi, ndipo dzolani khungu lisanaumiretu kuti mafuta atsekere chinyezi. Vaseline kapena glycerine ndi wokwanira, ndipo ku zidendene zong'aluka pakani wochuluka n'kuvala sokosi usiku. Makolo ankadzola mafuta a nsatsi, amene mpaka lero amafewetsa khungu, koma nthanga zake zili ndi poizoni ndipo ziyenera kusungidwa kutali ndi ana. Mafuta oyeretsa khungu ndi oyenera kuwapewa: ena amakhala ndi mercury, amene amaononga impso ndi mitsempha.

Zofunika kusamala

Chinkhupule ndi chopukutira zikhale za munthu mmodzi. Chipere chimafala mosavuta pobwerekana zinthu zimenezi, ndipo mphere, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika m'gulu la matenda onyalanyazidwa m'chaka cha 2017, amafala pokhudzana khungu komanso kudzera m'zovala ndi zofunda. Kusamba kokha sikuchiza mphere. Pamafunika mankhwala a kuchipatala, ndipo a pabanja onse alandire chithandizo nthawi imodzi.

Odwala matenda a shuga asamale kwambiri. Matendawa amachititsa dzanzi m'mapazi, moti munthu akhoza kupsa kapena kudzicheka osamva. Iwowa asaviike mapazi nthawi yaitali kapena kuwakhula pamwala. Angowatsuka, kuwapukuta bwino ndi kuwayang'ana ngati pali chilonda. Amayi oyembekezera, okalamba ndi amene ali ndi vuto la mtima kapena la kuthamanga kwa magazi apewe madzi otentha kwambiri, chifukwa amabweretsa chizungulire. Mbaula ya makala isalowetsedwe m'bafa lotsekeka pofuna kuotha, popeza mpweya wa makala umapha mosaonetsa chizindikiro.

Palinso kusamba kumene sikuyenera kudikira Loweruka. Mlimi amene wapopera mankhwala m'munda asambe ndi sopo nthawi yomweyo ndi kuchapa zovala zake padera. Chimodzimodzinso wothyola fodya: masamba akakhala onyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu n'kuyambitsa nseru, mutu ndi chizungulire.

Madzi otuluka m'bafa nawonso asangosiyidwa kuti adikhe, chifukwa zithaphwi zimaswetsa udzudzu ndi kubweretsa fungo. Kumbani dzenje kuseri kwa bafa n'kudzazamo miyala kapena zidutswa za njerwa kuti madzi azilowa pansi, kapena lambulani kangalande kopita pa phata la nthochi. Dzenjelo likhale kutali ndi chitsime. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unakhudza kwambiri boma la Lilongwe, unatikumbutsa kuti ukhondo wa pakhomo limodzi umateteza mudzi wonse.

Mpumulo ndi wa aliyense

Mwambo wathu umalemekeza mayi amene amaikira mwamuna wake madzi kubafa. Palibe chimene chingaonongeke ngati Loweruka lina bambo kapena ana okulirapo atatunga madzi, kuwafunditsa ndi kuyang'anira ana aang'ono kuti mayi naye asambe mosathamanga. Pakhomo pamene pali agogo amene sathanso kuwerama, kuwaviikira mapazi, kuwawengera zikhadabo ndi kuwadzoza mafuta ndi ulemu umene sulira khobidi.

Tisayembekezere zoposa muyeso. Madzi ofunda amachotsa kutopa kwa sabata, koma sathetsa kusowa tulo kwa masabata ambiri, nkhawa yosatha, zilonda zosapola kapena kupweteka kwa msana kosalekeza. Zikatero, onanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani kuchipatala chapafupi, monga cha Chiwamba, kumene akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central ngati pakufunika kutero. Koma kwa munthu amene wangotopa ndi ntchito, poyambira pake ndi papafupi: Loweruka likudzali m'mawa, dzazani chigubu, chiikeni padzuwa, ndipo muuze a pakhomo kuti madzulo theka la ola ndi lanu.