Nsanza ya Makaniko Isakhale M'thumba: Kupanga Chopachikira Zopukutira pa Galaja

Mukafika pa Chitekesa, m'dera la T/A Jenala ku Phalombe, simusowa pamene akukonza njinga. Pansi pa mtengo kapena pakashedi ka malata anayi mupeza njinga yakapalasa yagadamitsidwa, yamoto ya kabaza yamasulidwa injini, mwini wake ali chilili kudikira. Kuno njinga ndiyo imanyamula nsomba za ku nyanja ya Chilwa, matumba a nandolo ndi mpunga, ngakhalenso odwala opita kuchipatala. Amakaniko ali ndi masipanala, pampu ndi hamala, koma chida chimene amachigwira kawirikawiri kuposa zonsezi ndi kansanza kakuda bii, kamene kamangogwa m'fumbi kapena kusomekedwa m'thumba la buluku.

Ambiri a ife tili ndi achimwene kapena amalume okonza njinga, ndipo ena timakawathandiza sukulu tikatsekera. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa kuti kansanzaka kakasowa malo ake kamawononga zambiri, pamene chopachikira chake munthu angathe kuchipanga madzulo amodzi ndi zinthu zotola.

Vuto la nsanza yosowa malo

Nsanza ya oyilo ikagwa pansi imatola mchenga. Mukapukutira ekiselo kapena timipira ta m'habu, mchengawo umasakanikirana ndi girizi n'kuyamba kupera chitsulo pang'onopang'ono. Mu kabuleta ya njinga yamoto muli timabowo tating'ono kwambiri, moti kamchenga kamodzi kangachititse njinga kuzimazima. Komanso nsanza yomwe yapukuta tcheni ikapukutanso mabuleki, imasiyako mafuta, ndipo mabulekiwo amaterera. Wakabaza wonyamula mayi ndi mwana pamtsetse ndiye amalipira kusasamala kumeneko.

Thupi la makaniko nalonso limavutika. Oyilo wotuluka mu injini amakhala ndi zotsalira za mafuta opsa ndi tizidutswa ta zitsulo. Akamakhalitsa pakhungu amatseka timabowo ta ubweya, n'kuyambitsa tizilonda ndi zotupa zoyabwa. Mu 1922 madokotala awiri a ku Manchester, ku England, anaonetsa kuti amuna ambiri ogwira ntchito m'mafakitale opota thonje ankadwala khansa ya pakhungu la kumaliseche chifukwa oyilo wa makina ankanyowetsa mabuluku awo tsiku ndi tsiku. Oyilo watsopano wa masiku ano ndi woyengedwa bwino kuposa wa nthawi imeneyo, koma amene wagwira kale ntchito mu injini akadali woopsa. Nsanza yonyowa oyilo ikamakhala m'thumba la buluku kuyambira m'mawa mpaka madzulo, imachita zomwe zija ankachita makina a ku Manchester.

Pepala kapena nsanza?

Mapepala opukutira anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Scott ku Philadelphia, m'dziko la America, mu 1907, ndipo mipukutu ya kukhitchini inatuluka mu 1931. Ubwino wake ndi wakuti mumapukutira kamodzi n'kutaya, choncho litsiro siliyenda kuchoka pa tcheni kupita pa mabuleki. Koma ku Jenala mpukutu wotere umachokera kutali, ku Zomba kapena ku Limbe, ndipo wokonza njinga sangamagule mlungu uliwonse ndi ndalama zomatira machubu.

Njira yabwino ndi kugawa ntchito. Girizi wambiri muyambe mwamuchotsa ndi nyuzipepala yakale. Ntchito wamba, monga tcheni, masipanala ndi felemu, muzipukuta ndi nsanza za thonje, zodula ku malaya akale kapena ku zotsala za kaunjika. Nsalu za nayiloni sizimwa mafuta, zimangowapaka. Pepala logula lisungidwe kuti lizipukuta zinthu zofuna ukhondo weniweni: kabuleta, pulagi, mabuleki ndi kachitsulo koyezera oyilo. Motero chopachikira chabwino chiyenera kukhala ndi malo a zonse ziwiri, mpukutu ndi nsanza zoyera.

Kapangidwe kake

Musanadule kanthu, yezani mpukutu umene mudzakhale mukugula, chifukwa mipukutu imasiyana. Yezani kutalika kwake, kunenepa kwake ukakhala watsopano, ndi kukula kwa bowo la pakati. Ndodo yolowa m'bowomo ikhale yocheperako kuti mpukutu uzizungulira mosavuta, ndipo italikirepo ndi masentimita 10 kuti ipeze pogwira mbali zonse. Mpini wa tsache logula, nsungwi yowongoka kapena kapaipi kamadzi kakale zimakwana bwino.

Chathabwa chimafuna matabwa atatu. Lalitali ndilo la kumbuyo, lokhomera kukhoma kapena pa nsanamira ya shedi. Awiri aafupi akhomedwe m'mbali ngati mikono, motalikirana kuposa mpukutu ndi masentimita 2 okha. Mkono umodzi muubowole kuti ndodo izilowa, winawo muucheke kampata kuchokera pamwamba kuti ndodo izingokhazikika. Mukatero, kusintha mpukutu sikufuna kuzula msomali. Onetsetsani kuti mikono ndi yaitali mokwanira, mpukutu watsopano usamakhule thabwa la kumbuyo. Chiswe n'chambiri, choncho ndi bwino kupeza thabwa la mtengo wolimba kapena kulipaka penti.

Amene ali pafupi ndi owotcherera angapange chachitsulo. Chitsulo chomangira nyumba cha mamilimita 10 chiwotchereredwe pa kachitsulo kafulati kokhala ndi mabowo awiri a mabawuti, kenako nsonga yake ipindidwe pang'ono choloza m'mwamba kuti mpukutu usamavuke. Ichi n'chotseguka mbali imodzi, ndipo chimalimba zaka zambiri.

Pali kachinthu kamodzi kamene ambiri amaiwala. Makaniko kawirikawiri amakhala ndi dzanja limodzi lokha lomasuka. Akakoka pepala, mpukutu umathamanga n'kukhuthulira mapepala pansi. Dulani mphira wa chubu chakale, wotambalala ngati zala ziwiri, muukhomere pathabwa la kumbuyo pamwamba pa mpukutu, ugwere kutsogolo, ndipo kunsonga kwake mumangeko nati yolemera. Mphirawo umapsinja mpukutu ngati buleki, moti pepala limaduka ndi kukoka kumodzi.

Kenako ganizirani za fumbi ndi mvula. M'miyezi ya September ndi October chigwa cha Phalombe chimakhala ndi fumbi lochuluka, ndipo dzinja likafika mvula yamphepo imalowa m'shedi mosavuta. Pepala likanyowa latha ntchito. Tengani chigubu chakale cha mafuta ophikira cha malita 20, muchitsuke bwino, mucheke mbali imodzi kuti ikhale chitseko, ndipo mubowole m'mbali ziwiri modutsa ndodo. Pansi pake chekani mpata wopyapyala wotulukira pepala. Mukafuna, chigubucho pachokha chingakhale chopachikira chonse popanda matabwa. Nsanza zoyera zikhale m'kachigubu kena pambali, kokhala ndi bowo lolowa dzanja.

Malo ochikhomera

Chikhale pamsinkhu wa phewa, pafupi ndi pamene mumagwirira ntchito, kuti muzichifikira musanayende masitepe oposa awiri. Chikatalika, dzanja lidzabwereranso ku buluku. Chisakhale pamwamba pa batire yomwe ikutchajidwa kapena pamwamba pa chidebe cha oyilo.

Chachikulu ndi moto. Pepala ndi nsanza zimayaka msanga, ndipo moto wothetheka powotcherera kapena popala chitsulo umauluka patali. Malamulo oteteza moto a ku America amati zinthu zoyaka zitalikirane ndi malo owotcherera ndi mamita pafupifupi 11, kapena zitchingidwe. Pagalaja yaing'ono mtunda umenewu supezeka, choncho chopachikira chikhale kuseri kwa khoma kapena kwa lata. Chitalikirenso mabotolo a petulo. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umayenda chapansi, ndipo ungayake ndi mbaula imene ili patali ndithu.

Zogwiritsa kale ntchito zipite kuti?

Chopachikira sichithandiza ngati pansi pake padzaza zinyalala za oyilo. Ikani chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, monga cha penti, ndipo zonse zopukutira kale zizilowa mmenemo. Chivundikiro chimatsekereza mpweya, choncho moto sungakule. Akalipentala asamale kwambiri, chifukwa nsanza za vanishi ndi mafuta ena opaka matabwa, makamaka a linseed, zikaunjikana zimatentha zokha mpaka kuyaka popanda machesi. Zotere ziyanikidwe motambasula panja kapena zimizidwe m'madzi. Nsanza za oyilo zisasonkhezeredwe pamoto wophikira, ndipo zisatayidwe kufupi ndi chitsime, mjigo kapena ngalande yolowa m'dimba.

Kupukuta si kusamba. Amakaniko ambiri amasamba m'manja ndi petulo kapena palafini, koma izi zimachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu, manja n'kuuma ndi kung'ambika. Pakani timafuta tophikira pang'ono kuti girizi asungunuke, pukutani, kenako sambani ndi sopo. Mpondagiya, amene midzi yambiri inamuzolowera, amakwana bwino pambali pa galaja, pakuti madzi amatsika ndi phazi ndipo chigubu sichida ndi manja a oyilo. Kansalu kopukutira manja osamba kakhale kapadera, pamsomali wakewake.

Tchuthi chikubwerachi, yang'anani pagalaja ya kwanu. Mpini wa tsache, chigubu, chubu chotha ndi chitini cha penti mwina zili kale kuseri kwa nyumba. Amalume akayamba kufunsa kuti zonsezi n'zachiyani, apempheni atulutse kansanza kali m'thumba mwawo, muone limodzi mmene thumbalo ladera.